Mafunso a Che Jaffalie m'Mapiri a ku Chowe

Ku Chowe mukangotchula dzina la malemu Che Jaffalie, anthu amayamba kuseka musanamalize n'komwe, kenako wina amakufunsani kuti, "Mukuwafuniranji?" Musakhumudwe, si mwano ayi. Akungotsanzira eni dzinalo. Pakuti bambo amenewa chibadwire chawo sankayankha funso. Ukawafunsa, nawonso ankakufunsa. Ukati, "Mwadzuka bwanji?" iwo ankati, "Ukundiona ndagona?" Ukati, "Nthawi ili bwanji?" ankati, "Ukuthamangira kuti?" Akuluakulu a kumzikiti amalumbira kuti ngakhale tsiku la ukwati wawo, Shehe atafunsa ngati akuvomera kutenga Mwanabibi, mkwati anatembenuka, nayang'ana khamu lonse, n'kunena kuti, "Nanga mkanjo watsopanowu ndavalira ndani?" Shehe anaona kuti kuvomera kwake n'komweko, mwambo n'kupitirira.

Tsono munthu wotereyu akanakhala telala kapena wogulitsa mtedza, bwenzi zili bwinoko. Koma ntchito yawo inali yolondolera anthu njira. Pali kanjira kakale koyambira kuseri kwa minda ya ku Chowe, kamene kamakwera mapiri n'kuyenda m'nkhalango masiku asanu osaona golosale kapena mjigo, mpaka kukatsikira chakumtunda kwa Malindi. Kale ankadutsamo ndi ofula uchi ndi onyamula nsomba zouma. Masiku ano mumayenda anthu a m'tauni ndi alendo akunja, anthu oti ali ndi magalimoto abwinobwino koma amawasiya pansi pa mtengo wamango n'kusankha kutupa mapazi. Anthu amenewa amakonda kufunsa. Ndiye tangoganizani.

"Tatsala pang'ono kufika?"

"Mwatopa kale?"

"Kuno kuli njoka?"

"Inu mukanakhala njoka, mukanakhala kuti?"

Amene anazunzika nawo kuposa onse anali Rabson wa ku Nkope. Rabson anali msodzi, bambo wa ana atatu. Chambo chitayamba kusowa, ukonde n'kumabwera ndi ndere zokhazokha, mlamu wake Ambrose, wogwira ntchito pa hotela ina ku Makokola, anamuuza kuti ku Chowe kuli mkulu wina amene akufuna munthu wamsana wolimba. Rabson anapita, ndipo anawapeza atakhala pakhonde akumanga nkhwaila yawo ndi waya.

"Ndinu Che Jaffalie?"

"Wauzidwa kuti pali wina?"

"Ndamva kuti mukufuna wonyamula katundu wa alendo."

"Wamva kwa ndani?"

"Kwa alamu anga, a Ambrose."

"Ambrose amadziwa kunyamula chiyani, kupatula mbale?"

Rabson anakanda mutu. "Ndiye ntchito ndapeza kapena ayi?"

"Uli ndi ina?"

Anabwerera ku Nkope osadziwa kuti zatha bwanji. Mkazi wake Ndaona atamufunsa, iye anati, "Sindikudziwa, koma Lolemba ndipita ndikaone." Lolemba anapeza chikwama chikumudikira pakhonde paja, chachikulu ngati mwana wang'ombe. Anachisenza. Anayenda ndi Che Jaffalie zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo palibe tsiku limene anauzidwa kuti walembedwa ntchito.

Moyo wa m'njiramo unali wofanana tsiku ndi tsiku, komabe Rabson sunkamulowa m'mutu. Kukacha, chinthu choyamba chinali kukutumula nsapato kuti zinkhanira zituluke. Kenako tiyi ndi mbatata yootcha, kupinda matenti onyowa ndi mame, n'kunyamuka dzuwa lisanapse mtima. Masokosi ochapa dzulo ankapachikidwa kumbuyo kwa zikwama, moti gulu lonse likamayenda linkaoneka ngati chingwe choyanikira zovala chimene chamera miyendo. Masana ankabisala pamthunzi, alendo n'kuvula nsapato kuwerenga matuza awo monyadira, wina asanu, wina asanu ndi atatu, ngati akuonetsana mbuzi. Tsiku loyamba ankakamba za ndale ndi za ntchito. Tsiku lachiwiri ankakamba za mawondo. Pofika tsiku lachitatu nkhani inali imodzi basi, madzi: atsala angati, tikawapeza kuti, ndani wamwa kwambiri.

Rabson sankamvetsa. Iye ankayenda chifukwa ana ake ankafuna kudya. Nanga awa? Tsiku lina anafunsa.

"Bambo, kodi anthuwa akufuna chiyani kuthengo kuno?"

"Iwe panyanja unkafuna chiyani?"

"Nsomba."

"Unkazipeza?"

Rabson sanafunsenso sabata yonseyo.

Che Jaffalie anali munthu wamng'ono thupi, wouma ngati usipa wapathandala, kofiya woyera kumutu, ndodo yansungwi m'manja. Alendo ankabwera ndi majombo olemera ngati njerwa, iwo ali pankhwaila za tayala lagalimoto, koma palibe amene ankawapitirira. Swala, pemphero la Chisilamu, sankaphonya. Nthawi ikakwana ankaima paliponse, kaya ndi pakati pa chitunda, n'kutulutsa kamkeka kawo. Chodabwitsa n'chakuti m'chaka chachinayi anayamba kufunsa Rabson, munthu wa Angilikani wobatizidwa bwinobwino, kumene ayenera kuyang'ana poswali.

"Rabson, Kibula ili kuti?"

"Ine ndidziwe bwanji, bambo? Ine ndi wa kutchalitchi."

"Kutchalitchi anakuletsani kudziwa kumpoto?"

Kuyambira pamenepo Rabson ndiye ankayala mkeka, ndipo anafika poidziwa ntchitoyo kuposa ena obadwiramo. Ndaona atamva anada nkhawa, n'kumamununkhiza mwamuna wake akabwera kuti aone ngati wasiya kudya nkhumba.

Chaka chomwecho zachilendo zinachuluka. Tsiku lina Che Jaffalie anaima pamaso pa chitsa chakupsa, nagwira pamtima, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Asalaam aleikum." Anadikira. Chitsa chili duu.

"Bambo," anatero Rabson monong'ona, "chimenecho ndi chitsa."

"Ndiye chitsa chisalandire mtendere?"

Alendo a ulendo umenewo anali azungu awiri. Anakondwera kwambiri, anajambula chitsacho mbali zonse, ndipo kuyambira apo ankapereka moni kwa chitsa chilichonse mpaka kukafika ku Malindi. Ulendo unachedwa ndi theka la tsiku.

Nthawi ina anathira mchere mu ketulo ya tiyi, masupuni anayi odzaza. Mlendo woyamba kumwa analavula mpaka m'mphuno.

"Mwathira mchere, akulu!"

"Thukuta limene mwataya lero linali lotsekemera?"

Mlendoyo anali mphunzitsi wa sayansi. Anaganiza, n'kuuza anzake kuti mkuluyu akunena zoona, thupi limafunikadi kubwezera mchere. Onse anamwa tiyi wamchere akugwedeza mitu, misozi ili m'maso. Rabson anamwa nawo. Mumtima ankati pali china chake chimene sichili bwino, koma ukamakhala ndi munthu amene chilichonse chake n'chokhota, chokhota chatsopano uchizindikira bwanji?

Ndiponso mafunso awo anasintha. Kale ankangobweza funso ndi funso. Tsopano ankayamba okha, ngati mayeso. "Rabson, kutsogoloku ukuona mtengo wanji?" "Mwala uja uli kudzanja liti?" "Pansipa padutsa chiyani?" Rabson ankayankha mothamanga, akuganiza kuti akumuphunzitsa ntchito, ndipo ankanyada akamva kuti, "Nanga ukuimiranji?" chifukwa kwa Che Jaffalie kumeneko kunali kukhoza.

Zonse zinaululika pa ulendo wa mwezi wa Okutobala, chaka cha kutentha koopsa chija. Alendo anali awiri okha, munthu ndi mlongo wake ochokera ku Blantyre. A Allan ankagwira ntchito mu ofesi, ndipo anabwera ndi wotchi yowerenga mapazi, foni yokhala ndi mapu, ndi chipewa chokhala ndi kansalu kophimba khosi. A Keti anali namwino, mayi wofatsa amene anangobwera chifukwa mchimwene wawo anawakakamiza.

A Allan ndi Che Jaffalie sanamvane kuyambira pa mtengo wamango.

"Akulu, lero tiyenda makilomita angati?"

"Mwabwera nawo angati?"

"Foni yanga ikuti khumi ndi anayi."

"Ndiye mukundifunsiranji ine?"

"Ndikufuna kutsimikiza."

"Simuikhulupirira?"

Tsiku lachiwiri a Allan anaona kanjira kachidule pa mapu awo, n'kulowa m'tchire okha ati akawadikire anzawo kutsogolo. Rabson anamva Che Jaffalie akununkhiza mpweya.

"Rabson, kumene apitako kuli zingwe zokhala ndi nyemba zaubweya?"

"Zilipo, bambo."

"Unawauza?"

"Ndimayesa muwauza ndinu."

"Anandifunsa?"

Sipanapite nthawi, a Allan anatulukira akuvina gule amene sanaonekepo ku Mangochi, malaya ali m'manja, akudzikanda ndi foni yomwe ija. Chinali chitedze. A Keti anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anawapaka dothi lonyowa ndi madzi akumwa. Madzi amenewo anawakumbuka mawa lake.

Tsiku lachitatu ndi limene njira imadutsa pachigwa chachitali chopanda mtsinje. Madzi a tsiku limenelo amapezeka malo amodzi okha, pansi pa mkuyu waukulu, pamene kasupe amatuluka pakati pa mizu. Rabson anali atamwapo kambirimbiri. Koma anali asanadutseko chiyambire mwezi wa Juni, ndipo atakwera kamtunda komaliza cha m'ma leveni koloko, anaima chilili. Nkhalango kunalibe. Chigwa chonse chinali zitsa, phulusa ndi milu yadothi ya mauvuni a makala, ndipo tinjira ta njinga tinali titadutsana paliponse ngati ukonde wosokonekera. Owotcha makalawo anali atasamuka kale.

Che Jaffalie anafika pambali pake akupuma bwinobwino.

"Mkuyu uja ukuuona?"

Rabson anawayang'ana. "Bambo?"

"Uli kudzanja lamanja kapena kutsogolo?"

"Bambo, mukundiyesa?"

"Ukuchedweranji kuyankha?"

"Kulibe mkuyu. Kulibe mtengo ndi umodzi womwe. Simukuona?"

Sanayankhe, ngakhale ndi funso. Anangoyamba kutsika, ndodo patsogolo, ena n'kumatsatira. Anayenda ola lathunthu, kukhota uku, kukhota uko. Dzuwa linali pamutu penipeni, phulusa likuwotcha kudzera m'nsapato. A Allan anayang'ana foni.

"Akulu, pano tadutsapo kale. Mzere wanga wapanga lozungulira."

"Foniyo ikuti madzi ali kuti?"

"Ikuti pano pali nkhalango."

Anayendanso. Madzi otsala anali theka la botolo, anthu anayi. Cha m'ma thu koloko a Keti, amene sanadandaulepo chiyambire, anati akumva chizungulire, kenako miyendo inangopinda. Rabson anaimika tenti msangamsanga kuti apeze kamthunzi. Milomo ya mayiyo inali itauma, ndipo thukuta linali litasiya kutuluka. Iwo eni, monga namwino, ananena motsitsa kuti chimenecho si chizindikiro chabwino. A Allan anakwera pachulu kusaka netiweki, anakweza foni m'mwamba ngati akuipereka nsembe, koma sinagwire.

Apo Che Jaffalie anamukoka Rabson pamkono, napita naye poteropo. Anavula kofiya, chinthu chimene Rabson anali asanachionepo, n'kuipinda m'manja.

"Rabson, ine sindiona."

Rabson anadikira kuti funso libwere kumapeto. Silinabwere.

"Simuona chiyani, bambo?"

"Chilichonse. Chaka chino n'chachitatu. Ndimaona kuwala ndi mdima, ndi zinthu ngati zili m'madzi a mpunga. Njira ndimaidziwa ndi mithunzi ya mitengo, ndi fungo lake, ndi zimene umandiuza iwe. Tsopano mitengo achotsa. Sindikudziwa pamene tili."

Rabson anawayang'ana m'maso. Anakumbukira chitsa cholandira moni, tiyi wamchere, mkeka woswalira. Zaka zitatu amene wakhala akutsogolera alendo m'mapiri ndi iyeyo, osadziwa, kwinaku akunyada kuti akukhoza mayeso! Anafuna kukalipa, anafuna kuseka, koma pakamwa panali pouma, zonse ziwiri zinakanika.

"Bwanji simunanene?"

"Ukanabweranso Lolemba?"

Funso linabwerera, ndipo Rabson anamva mtima kukhala pansi pang'ono. Anakhala pachitsa, manja kumutu. Kenako anakweza maso n'kuona mapiri. Mitengo anadula, koma mapiri anali pomwepo. Panyanja palibe mtengo kapena kanjira, komabe msodzi amabwerera pa chirundu chake, mwala wa pansi pa madzi pamene pamasonkhana utaka, pongoyang'ana mapiri a kumtunda mmene alunjikizirana.

"Bambo, kale mukakhala pansi pa mkuyu uja, maso anu ali bwino, munkaona mapiri ati?"

Che Jaffalie anatseka maso opanda ntchitowo. "Phiri la mutu wong'ambika ukuliona?"

"Ndikuliona."

"Thanthwe loyera lili m'munsi mwake?"

"Lili chakumanzere."

"Likanakhala pansi pa mng'alu penipeni, ukanati chiyani?"

"Ndikanati tili pamzere."

"Nanga kumbuyo kwako, kaphiri konga chipewa kabisa phiri lalitali lija?"

"Ayi, onse awiri akuoneka."

"Ndiye ukuimiranji?"

Anawasiya a Keti ndi mchimwene wawo mu tenti ndi madzi onse otsala. Rabson anayenda chammbali ngati nkhanu, maso kuphiri, mkulu uja atagwira chingwe cha chikwama chake kumbuyo. Thanthwe loyera linasendera pang'onopang'ono mpaka kulowa pansi pa mng'alu. Kenako anayenda chobwerera m'mbuyo, akupunthwa pazitsa, mpaka kaphiri kachipewa kanameza phiri lalitali. Ataima, anapeza ali pambali pa chitsa chachikulu ngati tebulo la pa ukwati. Kasupe anali atauma. Panali mchenga wokhawokha.

"Wauma, bambo."

Che Jaffalie anavula nkhwaila, nayenda pamchengapo ndi mapazi osavala, pang'onopang'ono, mutu uli chopendekeka. Anaima.

"Njuchi izi zikutera pamchenga wouma kudzafuna chiyani?"

Rabson anali asanazione n'komwe, tinjuchi tinayi kapena tisanu tili pansi pafupi ndi muzu. Anafukula ndi mbale ya aluminiyamu. Kufika m'chigongono, mchenga unazizira. Kufika paphewa, pansi pa dzenje panayamba kunyezimira. Anadikira mpaka mbale inadzaza madzi ofiirira, anasefa ndi kansalu ka chipewa cha a Allan, chimene anachibwereka osapempha, n'kuthamanga nawo.

A Keti anatsitsimuka dzuwa litapendeka. Anasungunula shuga ndi mchere m'madzi, mwadala ulendo uno, n'kumamwa pang'onopang'ono. Atapeza mphamvu anaitana Che Jaffalie, chifukwa anali ataona mmene anabwerera atagwira chikwama cha Rabson.

"Bambo, takhalani apa. Yang'anani kuno."

"Mukufuna kundifunsira?"

Anawatsegula zikope ndi zala. "Iyi ndi ng'ala. Maso onse awiri. Imachotsedwa imeneyi, ntchito ya mphindi zochepa. Mwakhala mukuvutikiranji zaka zonsezi?"

 A Allan ndi amene analankhula.

"Ndiye kuti masiku atatu onsewa takhala tikutsogoleredwa ndi munthu wosaona?"

"Foni yanu imaona?" anatero mkuluyo.

Anamaliza ulendowo bwinobwino, Rabson ali patsogolo. Atabwerera ku Chowe, Rabson anavutika mumtima kuti akawauza bwanji mayi Mwanabibi, akazi a Che Jaffalie. Anawapeza akupeta mpunga kuseri kwa nyumba, anakhala pansi, anazungulira nkhani, mpaka anaitulutsa. Mayiwo sanasiye n'kupeta komwe.

"Mwadziwa liti inu?"

"Lachitatu, mayi."

"Ine ndinadziwa chaka chijachi, tsiku limene anakhala pakhonde kukambirana ndi thumba la chimanga za mtengo wa feteleza, akuyesa ndi mchimwene wanga. Ndinawauza kuti tipite kuchipatala. Anandifunsa ngati ndatopa nawo. Ndiye ndinangoti, poti kuthengoko ali ndi a Rabson, asiyeni."

"Koma ine sindinkadziwa, mayi!"

"Eee, n'chifukwa chake zinkayenda bwino."

A Keti sanaiwale. Anaimba foni kangapo mpaka tsiku linapezeka, ndipo Rabson ndi mayi Mwanabibi anawaperekeza kuchipatala, mmodzi mbali iyi wina mbali iyo, kuopa kuti angathawe. Mawa lake atachotsa bandeji, Che Jaffalie anaphethira, anayang'ana denga, anayang'ana akazi awo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa Rabson.

"Iwe, imvi izi wazitenga kuti?"

"Kwa inu, bambo."

Mungaganize kuti mavuto anathera pomwepo. Ayi ndithu. Ulendo woyamba ndi maso atsopano, Che Jaffalie anasochera katatu tsiku limodzi. Zimene ankaona sizinkagwirizana ndi zimene ankakumbukira. Ankaima pamphambano, kuyang'ana uku ndi uku, nkhope itasokonezeka, n'kumafunsa kuti mwala uwu anaubweretsa ndani. Mapeto ake anapeza nzeru. Akafika pokayikitsa ankatseka maso, kununkhiza, kupondaponda pansi, n'kuloza njira. Alendo ankayang'anana mwamantha poona gaidi akutseka maso kuti aone njira, ndipo Rabson anatopa kufotokoza, n'kumangoti ndi mmene amachitira.

Anayenda zaka zina ziwiri. Ankaima nthawi yaitali kuyang'ana zinthu zazing'ono, buluzi wamutu wabuluu, maluwa a pathanthwe, ndipo pachigwa cha zitsa chija anayamba kunyamula timbewu ta mkuyu m'thumba la mkanjo n'kumakwirira m'mphepete mwa khwawa. Anamwalira nyengo ya dzinja, kunyumba kwawo, atadwala chifuwa masiku anayi okha. Rabson anafika mochedwa, mwambo uli pafupi kuyamba, ndipo amuna a kumzikiti anamupatsa malo kuti anyamule nawo jeneza, chonyamulira maliro. Akuti inali yopepuka kuposa chikwama chilichonse chimene mkuluyo anamusenzetsapo.

Njira ija ikadalipo, ndipo amene amatsogolera tsopano ndi Rabson. Ndi gaidi wabwino. Mlendo akafunsa makilomita, amamuuza. Akafunsa za njoka, amamuuza mitundu yake ndi kumene zimakonda. Alendo amafika ku Malindi pa nthawi yake, osakwiya, ndipo amalemba mawu oyamikira. Koma Rabson amati masiku asanu aja tsopano amatalika. Anthu akayankhidwa amakhala chete, n'kumangoyenda aliyense ndi maganizo ake, ndipo m'nkhalango mumangomveka zikwama kukhudzana ndi misana. Pa nthawi ya swala ya masana miyendo yake imaima yokha, alendo n'kumadabwa kuti waona chiyani.

Mvula itatha chaka chimenecho, mayi Mwanabibi anamuitanitsa.

"A Rabson, mundiperekeze. Ndikufuna ndikaone kumene bamboyu ankathawira zaka makumi atatu."

Ananyamuka m'mawa, mayiwo atavala nsapato zatenesi za mdzukulu wawo, ambulera m'manja. Anadandaula njira yonse. Miyala, minga, ntchentche, chitunda chosatha. "Kundisiya ine ndi ana asanu ndi mmodzi chifukwa cha zimenezi? Munthu uja mutu wake sunali bwino." Cha kumasana anafika pa thanthwe lalikulu pamene alendo amapumira tsiku loyamba. Mayiwo anakhala pansi mwamphamvu, akupukuta nkhope ndi mpango, kenako anayang'ana kumunsi. Chigwa chonse chinali poyera, minda, msewu, mzikiti waung'ono ngati bokosi la machesi.

"Denga lofiira mbali imodzi ilo, pafupi ndi mango awiri aja, si nyumba yanga?"

"Ndi yomweyo, mayi. Ankakhala pomwe mwakhalapo, ulendo uliwonse. Tiyi ankamwera pamenepo, atafulatira alendo."

Mayi Mwanabibi anayang'anitsitsa denga lija. Kenako anagwira pakamwa.

"Ndiye kuti ankandiona ndikamasiya kupalira n'kupita kukacheza kwa a Zakia?"

"Ankakuonani, mayi. Maso atafa, ndinkawauza ndine."

"Inu a Rabson! Ndipo munthu uja osanenapo kanthu, zaka zonsezi?"

Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinasiye pamene kuseka kunatha. Rabson anayang'ana kumbali, n'kuyamba kutola nkhuni. Anawakumbutsa kuti akafuna kufika kunyumba kusanade ayenera kuyamba kutsika posachedwa.

"Kunyumbako kuli ndani?" anatero mayiwo, akuvula nsapato. "Tateleka tiyiyo. Tikhale kaye."